Maso a pulanti yotsuka malasha

Lamlungu lina mwezi utangotha tinasonkhana kwa malume ku Turffontein, monga timachitira anthu akalandira. Malumewa ndi mtchona weniweni. Anabwera kuno ku Joni nthawi ya TEBA, anakumba golide mpaka mawondo anakana, ndipo mpaka lero amati ntchito ya pamgodi yosakulowetsa pansi pa nthaka ndi masanje. Nsima itatha, tasamba m'manja, anandiponyera funso lawo la chaka ndi chaka.

"Iwe mphwanga, paja ntchito yako akuti n'kutsuka malasha? Nanga ukawatsuka amayera?"

Anthu anafa nalo phwete, alamu anga mpaka kutsamwa ndi tiyi. Ine ndinangopempha amayi a pakhomopo dzira laliwisi, tambula ya madzi ndi mchere. Dziralo nditaliika m'madzi linamira. Ndinathira mchere supuni imodzi, ziwiri, zitatu, ndikutakasa, mpaka linadzuka pansi n'kuyamba kuyandama.

"Malume, ntchito yonse ndi imeneyi. Dzira ndi lomwe lija, chasintha ndi madzi. Koma wotsuka sindine. Ine ndimasamalira zida zomwe zimauza otsukawo ngati mchere wakwana kapena ayi."

Ndimagwira ku kampani ina ya ku East Rand yomwe imaika ndi kukonza zida zoyezera. Lolemba m'mbandakucha timakhala tili pa msewu wa N12 kulowera ku eMalahleni, kuja akuluakulu amakutchulabe kuti Witbank, ndi ku Middelburg, komwe kuli migodi yambiri ya malasha. Zomwe ndinalephera kumaliza kufotokoza tsiku lija, chifukwa mpira unayamba pa TV, ndi zimene ndalemba pano.

Tiyambe n'kusiyanitsa: malasha si makala a pa mbaula aja timawotcha kuchokera ku mitengo. Awa ndi okumba pansi, ngati aja a ku Mchenga ndi Kaziwiziwi ku Rumphi, kapena a ku Moatize omwe amadutsa kwathu pa sitima kupita ku Nacala. Akamakumbidwa satuluka okha. Amabwera ndi miyala, dongo louma, ndi mwala wina wonyezimira ngati golide wotchedwa pyrite, womwe uli ndi sulufule. Zonsezi sizipereka moto, zimangotsala ngati phulusa. Wogula amalipira kutentha, salipira miyala. Malasha apamwamba otumiza kunja kudzera pa doko la Richards Bay, lomwe linayamba kutumiza malasha mu 1976, amayenera kupereka kutentha kokwana 6,000 kcal pa kilogalamu, ndipo phulusa lake lisapose 15 peresenti. Kunyamula mwala pa sitima makilomita oposa 500 kuti ukakanidwe kudoko ndi kutaya ndalama kawiri. Eskom, kampani ya magetsi ya kuno, ndiye siisankha kwambiri. Siteshoni ya Lethabo kufupi ndi Vereeniging imawotcha malasha a phulusa loyandikira 40 peresenti. N'chifukwa chake mapulanti ambiri kuno amapeta kawiri: oyera kwambiri apite kunja, apakati apite kumagetsi, zotsala zipite ku phiri la zotaya.

Ndati kupeta, chifukwa ndi lomwe likanakhala dzina loyenera. Lichero limasiyanitsa mpunga ndi mankhusu potengera kulemera, ndipo pulanti nayo imatero. Muyezo wake amautcha density, kutanthauza kuti chinthu chikulemera kangati pochiyerekeza ndi madzi odzaza malo ofanana nacho. Madzi ndi 1.0. Malasha abwino amakhala pakati pa 1.3 ndi 1.5, miyala imapitirira 2.0, pyrite amafika pa 5. Mutapeza madzi olemera 1.5, malasha angayandame ngati dzira lija, miyala n'kumira. Mchere sungatifikitse pamenepo, umathera cha pa 1.2. Ndiye amagwiritsa ntchito magnetite, mwala wachitsulo wakuda wopera kusalala kuposa ufa woyera, womwe wambiri kuno umachokera ku Phalaborwa. Akausakaniza ndi madzi pamatuluka phala lakuda lomwe pantchito timalitcha medium. Kuti lita imodzi ilemere kilogalamu imodzi ndi theka, mumalowa magalamu pafupifupi 625 a magnetite ndi magalamu 875 a madzi. Ubwino wa magnetite ndi wakuti maginito amamukoka, kotero akagwira ntchito amamutolanso n'kumubwezera m'thanki.

Malasha akuluakulu amawayandamitsa m'migolo yozungulira pang'onopang'ono. Apakati, omwe ndiye ochuluka, amawapopera pamodzi ndi phala lija m'chiwiya chachitsulo chooneka ngati fanulo, chotchedwa cyclone. Dzinali ife a kwathu timalidziwa moipa kuchokera pa Freddy mu 2023, ndipo nzeru yake ndi yomweyo ya kamvuluvulu. Phala limalowera cham'mbali mwamphamvu n'kumazungulira. Zolemera zimaponyedwa kukhoma n'kutulukira kukamwa kopapatiza, komwe timati spigot, pomwe zopepuka zimasonkhana pakati n'kutulukira mbali inayo. Njirayi anaitulukira akatswiri a migodi ya boma ku Netherlands m'zaka za m'ma 1940. Lero ma cyclone ambiri a m'migodi ya kuno amapangidwa pompano, ku Spartan ku Kempton Park, komwe kuli kampani ya Multotec.

Vuto lagona apa. Chidutswa cha malasha chimakhala m'kati mwa cyclone masekondi owerengeka chabe. Chiwiyacho n'chotsekeka, phala ndi lakuda bii, ndipo chotuluka mbali zonse ziwiri n'chakuda. Mayi wopeta amaona ndi maso mankhusu akuuluka, ndipo mpunga ukayamba kugwera pansi amasintha dzanja nthawi yomweyo. Woyendetsa pulanti alibe mwayi umenewu. Amakhala m'chipinda cha makompyuta, kutsogolo kwake kuli manambala, ndipo nambala iliyonse yachokera kwa mthenga yemwe anamutuma kuti akamuonere. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ntchito yanga ndi kufufuza kuti mwa amithengawa ndani wayamba kunena za m'maluwa.

Malasha a kuno amalimbitsanso nkhaniyi. Dothi lake linalowerera m'kati mwenimweni, moti zidutswa zambiri sizoyera kwenikweni komanso si miyala. Zimaunjikana pafupi penipeni ndi malire omwe mukudulira. Mukamadulira pa 1.50, pali mulu wa zidutswa za 1.47, 1.49, 1.52, 1.54. Phala likapepuka ndi 0.01 yokha, gulu lina la zidutswa zomwe zimayandama limayamba kumira. Tiyerekeze pulanti yolandira matani 1,000 pa ola. Ikamataya malasha ogulitsika okwana peresenti imodzi yokha ya zolowazo, ndiye matani 10 pa ola, matani 240 pa tsiku, mathiraki angapo odzaza akukathiridwa kudzala popanda alamu iliyonse kulira.

Mthenga wamkulu pa onse ndi geji ya density, yomwe anyamata amangoti nyukiliya. Imamangidwa kunja kwa paipi yoimirira yochokera ku pampu, ndipo siikhudza phala n'komwe. Mbali imodzi ya paipi kuli chibokosi cholemera cha mtovu, m'kati mwake muli kambewu kakang'ono ka caesium-137 kotulutsa cheza cha gamma. Mbali inayo kuli chowerengera cheza chomwe chadutsa. Zili ngati kuunika tochi kuseri kwa nsalu: nsalu ikakhuthala, kuwala kumachepa. Phala likalemera, cheza chofika tsidya linalo chimachepa, ndipo kompyuta imasandutsa kuchepako kukhala nambala. Pulanti imakonzedwa mwakuti phala lizikhala lolemererapo pang'ono nthawi zonse, popeza magnetite wobwera kuchokera ku maginito amakhala wokhathamira. Ndiye geji ikaona kuti lalemera kuposa muyezo, imalamula valavu kuthira madzi pakamwa pa pampu; likapepuka, valavu imatseka pang'ono. Izi zimachitika usana ndi usiku popanda dzanja la munthu.

Gejiyi ndi yokhulupirika kuposa zambiri, ilibe chozungulira choti chithe, koma ili ndi njira zake zonamira, ndipo iliyonse imakankhira pulanti mbali yake. Caesium-137 amafooka ndi nthawi: pa zaka pafupifupi 30 mphamvu yake imatsika ndi theka, kutanthauza kupitirira pang'ono 2 peresenti chaka chilichonse. Kompyuta ya geji imayenera kuchotsera kufookaku payokha, koma deti ikasokonekera m'kati mwake, geji imaona cheza chochepa n'kuganiza kuti phala lalemera. Zinthu zikamatirira m'kati mwa paipi, bodza lake ndi lomwelo. Pomwe paipi ikadyeka, khoma n'kupyapyala, cheza chimadutsa chambiri ndipo geji imati phala lapepuka. Imatseka madzi, phala lenileni limalemera, miyala imayamba kuyandama n'kulowa m'malasha ogulitsa. Thovu la mpweya, lomwe limabwera thanki ikatsika mpaka pampu kumakoka mphepo, limanamizanso geji chimodzimodzi. Chopweteka n'chakuti pa kompyuta simuona chilichonse chachilendo. Geji ndi valavu zimamvana, ndiye nambala imakhala pomwe munaiika, mzere wake uli tambalale ngati wojambula ndi rula. Mzere wowongoka umangotanthauza kuti valavu ikumvera geji. Sutanthauza kuti geji ikunena zoona.

Ndinaziona ndi maso usiku wina wa mu June, kuzizira kwa ku Highveld, dera lokwera la kuno, kuja kolowa mpaka m'mafupa. Anatiitana pa pulanti ina, dzina ndilisunge, chifukwa kwa masiku atatu malasha ogulitsa amatuluka ochepa, pomwe a ku labu amati ndi oyera kuposa momwe wogula amafunira. Mabwana anali atanena kale kuti vuto ndi mgodi, akukumba malo oipa. Pa kompyuta density inali 1.52, mzere uli phee. Mkulu wa shifiti, bambo wachikulire wa ku Mozambique yemwe timalankhulana Chinyanja cha ku Tete, anandikoka dzanja.

"Achimwene, siyani kaye laputopu yanuyo, tiyeni mukaone lamba wa zotaya."

Tinakwera masitepe achitsulo onyowa, iye patsogolo ndi tochi. Pa lambayo anatola chidutswa, n'kuchimenyetsa pa chitsulo. Mwala umalira n'kusweka movuta. Ichi chinangoti phwa, m'kati mukunyezimira ngati galasi lakuda. Anandipatsira m'manja, chopepuka ngati chigumu. Kenako anatenga sikelo ya Marcy, yomwe ndi kachitini ka lita imodzi kokoloweka pa sikelo ya wotchi, chida choti mwana wa sitandade 5 angachimvetse. Anatunga phala, anapukuta kunja kwa chitini ndi golovesi, n'kukoloweka. Muvi unaima pa 1.47. Anatunganso kawiri, yankho lomwelo. Titafufuza tinapeza kuti masiku atatu m'mbuyomo anthu okonza anasintha chigawo cha paipi chomwe chinabooka, pomwe pali geji pomwepo, n'kuikapo china cha khoma lokhuthala. Geji anaibwezera bwinobwino, mabawuti onse olimba, koma palibe anakumbuka kuiyesanso. Iyo inkaona cheza chochepa, inkati phala lalemera, valavu n'kumathira madzi mokhulupirika kwa masiku atatu. Kukonza kwake kunali kuyendetsa madzi oyera m'paipi kuti geji iphunzirenso 1.00, kenako kuiyerekeza ndi sikelo pa miyezo ingapo. Sizinathe maola awiri. Malasha a masiku atatu aja ndiye anali atakwiririka kale pansi pa miyala.

Kuyambira pamenepo ndikafika pa pulanti iliyonse ndimayamba ndafunsa buku lomwe amalembamo zotsatira za sikelo ya Marcy. Ndikapeza manambala ofanana ndendende ndi a pa kompyuta shifiti iliyonse, mwezi wathunthu, ndi bolopeni imodzimodzi, ndimadziwa kuti munthu amangokopera ali pa mpando.

Komabe ngakhale geji itakhala yolondola kotheratu, nambala yake si malire enieni omwe cyclone ikudulira. Apa ndi pomwe ambiri, ngakhale mabwana ena ovala zipewa zoyera, amasokonezeka. Magnetite sasungunuka m'madzi ngati mchere. Ndi ufa wongoyandama. Mphamvu yomwe ikuponyera miyala kukhoma imamuponyeranso iyeyo. Ndiye phala lotulukira ku spigot limakhala lolemera kuposa lomwe linalowa, lotulukira mbali ya malasha n'kukhala lopepuka, ndipo kawirikawiri malire enieni amakhala pamwamba pang'ono pa nambala ya geji. Kusiyanaku sikukhazikika. Kumasintha spigot ikadyeka n'kukula kamwa, kumasintha akabweretsa magnetite wopera mosiyana, kumasinthanso ndi mphamvu ya pampu. Mapulanti osamala amayeza density ya phala la mbali zonse ziwiri zotulukira, chifukwa mpata wa pakati pake ukakula kwambiri, zidutswa zapakatikati zimangozungulira m'kati osatuluka, mpaka cyclone imadzazisanza zonse pakamodzi, malasha abwino ali momwemo.

N'chifukwa chake pakhomo pa cyclone pamakhala geji ya puresha. Lamulo lakale la a ku Netherlands aja limati mphamvu yolowera ifanane ndi phala lotsika kuchokera pamwamba potalika kasanu n'kanayi kukula kwa cyclone. Ya mita imodzi, pa phala la 1.5, puresha imabwera cha pa 130 kPa. Puresha ikamatsika pang'onopang'ono sabata ndi sabata, pampu ikudyeka. Ikamadumphadumpha, pampu ikukoka mpweya kapena china chatsekereza. Kabowo ka gejiyi kamakonda kutsekeka ndi magnetite, ndipo ikatero imangoima pa nambala imodzi mwaulemu ngati zonse zili bwino.

Chida chomwe anthu amachipeputsa ndi choyezera kuchuluka kwa phala m'thanki. Ambiri amachiona ngati choteteza kuti thanki isasefukire basi. Koma taganizani: ngati density ikusungidwa pamodzimodzi, ndiye phala n'kumatsika m'thanki shifiti yonse, magnetite akuthawira kwina. Mwina mipopera yotsukira malasha pa sefa yatsekeka ndipo akupita atamatirira pa malasha, mwina sefa yang'ambika, mwina ng'oma ya maginito yalemedwa ndipo akudutsa ndi madzi akuda. Magnetite amagulidwa pa tani, amabwera pa thiraki kuchokera kutali, ndipo pa mapulanti ambiri ndi imodzi mwa ndalama zikuluzikulu zoyendetsera ntchito. Thanki imanena nkhaniyi masiku angapo a ku ofesi asanaione pa mabuku.

Pali chinanso chomwe nyukiliya siingathe kusiyanitsa: dongo. Phala likamazungulira limatola dongo ndi fumbi la malasha, ndipo geji imangoona kulemera, siidziwa kuti gawo lina si magnetite. Dongo likachuluka phala limanata ngati la mgaiwa lophikitsa, tizidutswa ting'onoting'ono timalephera kuyenda m'kati mwake kupita mbali yake. Chodabwitsa n'chakuti likachepa kwambiri ndi vutonso, makamaka podulira pa density yotsika, chifukwa dongo pang'ono ndi lomwe limagwira magnetite kuti asakhazikike msanga. Pulanti ikaima n'kudzukanso, kapena akathira magnetite watsopano wambiri nthawi imodzi, phala limakhala loyera mopitirira ndipo cyclone imatha kuchita misala kwa kanthawi, geji ikunena kuti zonse zili m'malo. Mapulanti ambiri amadziwa za dongoli pokhapokha akatumiza sampulo ku labu, komwe amalekanitsa ndi maginito n'kuyeza chotsala.

Zonse ndatchulazi zikuyeza phala, osati malasha. Wogula alibe nazo ntchito za phala lanu, akufuna phulusa lochepa. Njira yotsimikizika ndi ya labu: kutapa sampulo pa lamba, kuiphwanya, kuipera, kuiwotcha mu uvuni pa madigiri 815, n'kuyeza chotsala. Ndi yoona, koma yankho limabwera patapita maola, malasha ake ali kale pa mulu kapena m'mabogi a sitima. Kuli ngati kulawa ndiwo alendo atadya kale. Ndiye anapanga zida zoyeza phulusa lamba akuyenda. Chofala chimaunika malasha ndi cheza cha mitundu iwiri. Cha americium-241 n'chofooka ndipo chimamezedwa kwambiri ndi zinthu za m'phulusa monga silicon, aluminium, calcium ndi chitsulo. Cha caesium-137 chimangoyeza kuchuluka kwa katundu pa lamba. Kuyerekeza ziwirizi kumapereka phulusa. Chofooka chake n'chakuti chitsulo ndi calcium zimameza cheza mopitirira anzawo, ndiye mgodi ukasamukira ku msempha wina wa malasha, kapena magnetite akatsalira pa malasha osatsukika bwino, chidacho chimakuwa kuti phulusa lakwera pomwe silinakwere motero. Woyendetsa wosazindikira amatsitsa density, n'kuyamba kutaya malasha abwino pothamangitsa mzukwa. Pali china chokwera mtengo, PGNAA, chomwe chimawomba malasha ndi tinthu tosaoneka totchedwa ma neutron, tochokera ku californium-252, ndipo chinthu chilichonse chimayankha ndi cheza chakechake, moti chimatha kunena ngakhale sulufule. Koma californium amafooka msanga, theka pa zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri kapena itatu, ndiye amafuna kuwonjezeredwa kawirikawiri. Pambali pa izi pamakhala choyezera chinyezi cha microwave, ndi masikelo a pa lamba omwe amanena matani olowa ndi otuluka. Maganizo anga ndi akuti pulanti yomwe siitha kusamala sikelo ya pa lamba isathamangire kugula PGNAA. Ndaonapo zida za mamiliyoni zitazimitsidwa, akangaude atamangapo, chifukwa zinasemphana ndi labu kawiri katatu ndipo palibe anafuna kufufuza kuti wolakwa ndani.

Nanga mungadziwe bwanji kuti cyclone yeniyeniyo ikupeta bwino? Funsoli analiyankha katswiri wina wa ku Netherlands, K.F. Tromp, mu 1937. Iye anati pa gulu lililonse la zidutswa za kulemera kofanana, tiwerenge kuti zingati mwa 100 zapita ku zotaya. Zopepuka kwambiri zikhala pafupi ndi 0, zolemera kwambiri pafupi ndi 100, ndipo pomwe theka lapita uku theka uko ndi pomwe pali malire enieni. Mukajambula, pamatuluka mzere wokhota ngati chilembo cha S. Ukaima chilili, makina akudula ngati lezala. Ukagona, akudula ngati chikwanje chobuntha. Kugonako kuli ndi nambala yake yotchedwa Ep: mumatenga density yomwe zidutswa 75 mwa 100 zimamira, kuchotsapo yomwe 25 zimamira, n'kugawa pawiri. Cyclone yabwino pa malasha okulirapo imapereka cha pa 0.02 kapena 0.03. Kale kuti mupeze mzerewu munkatapa migolo ya masampulo n'kukaiyandamitsa ku labu m'mankhwala olemera mosiyanasiyana, ena onunkha ndi oopsa ku thanzi, ndipo yankho linkatenga masabata.

Njira yomwe ine ndimaikonda ndi ya ma tracer. Ndi timabokosi ta pulasitiki tonga madayisi, kalikonse kopangidwa ndi density yodziwika bwino, mtundu uliwonse utoto wake. Mumatiponya m'kati limodzi ndi malasha, anthu n'kuima pa masefa a mbali zonse ziwiri kumatitola. Ntchito yake ndi yosekesa kuiona: akuluakulu a ndevu zawo atavala majombo, akuthamangitsa tidayisi tofiira ndi tobiriwira pakati pa madzi ndi phokoso, wina akukuwa kuti kamudutsa. Koma pasanathe ola mumakhala mwajambula mzere wa Tromp, ndipo mumaona ndi maso kuti geji ikuti 1.50 pomwe cyclone ikudulira pa 1.56. Masiku ano kuli ma tracer okhala ndi kachipangizo ka wailesi m'kati, kotchedwa RFID. Mlongoti woikidwa pa sefa umawawerenga okha, n'kunenanso nthawi yomwe kalikonse katenga. Nthawiyo imaulula zobisika, monga kadayisi komwe kakhala mphindi zambiri kakuzungulira m'thanki kapena m'cyclone.

Za malasha osalala, ochepera milimita imodzi, sindichulutsa, chifukwa kunena zoona kumeneko maso ndi ochepa. Amadutsa m'ngalande zopotana zotchedwa spiral, momwe madzi okha ndi amene amapeta, ndipo mipeni yogawira imasunthidwa ndi dzanja, munthu akuyang'ana mtundu wa madzi. Chomwe chimayezedwa ndi kuchuluka ndi kukhathamira kwa zolowa basi. Ku thanki yaikulu yodikhitsira matope amayang'ana kulemedwa kwa mikono yopalasa pansi ndi kuyera kwa madzi osefukira, popeza madzi omwewo ndi amene amabwerera kukatsuka.

Chimodzi ndiyenera kunena kwa abale anga ambiri omwe amagwira m'masikirapu ku Booysens, ku Germiston ndi kwina. Magejiwa akakhala pa paipi, chitseko chake chili bwino, saopsa munthu wodutsa pafupi. Malamulo a dziko lino, kuyambira pa Hazardous Substances Act ya 1973, amafuna kuti kambewu kalikonse kalembetsedwe, kakhale ndi munthu wokayang'anira, ndipo tisanagwire paipi timatseka chitsekocho n'kukhoma loko. Koma mapulanti amatsekedwa, zitsulo zimagulitsidwa, zina zimabedwa. Mukaona chibokosi chachitsulo cholemera modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake, nthawi zambiri chachikasu, chili ndi chizindikiro cha masamba atatu ozungulira kadontho, musachidule ndi gurainda, musachiphwanye kufuna mtovu, musachinyamule kupita nacho ku chipinda. Talikirani, uzani bwana ndi apolisi. Mu 1987 ku Goiânia m'dziko la Brazil anthu otola zitsulo anatsegula chibokosi cha caesium-137 yemweyu chochokera m'chipatala chosiyidwa, anakopeka ndi ufa wowala wa buluu, ndipo anthu anayi anamwalira.

Tsiku lija ku Turffontein mpira utatha, malume anandipeza pakhonde ndikumanga nsapato. Tambula ija inali ikadali pa tebulo, koma wina anali atathiramo madzi otsala m'jagi, ndipo dzira linali litabwerera pansi. Anailoza ndi ndodo yawo.

"Mphwanga, pulanti yako yataya katundu uko. Geji inali kuti?"

Ndinawauza kuti geji inali ikuonera mpira. Anapukusa mutu, anavuula dziralo ndi supuni, n'kuwapatsa amayi kuti alikazinge, poti iwo nsima ija siinawafike bwino.